Makinawo Ndinagula Ndine

Germiston, 18 Febuluwale 2024

Adada,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi onse a ku Chilomoni. Ine kuno ndili bwino, chifuwa chija chinatha.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni timangokuwirana. Inu simundimva, kenako mumapatsira Mwabi kuti akuuzeni zimene ndanena, ndiye nkhani ya ine ndi inu imasanduka ya anthu atatu. Kalatayi akupatsani Thom, mnzanga wa ku Chemusa amene amayendetsa thiraki ya katundu pakati pa Joni ndi Blantyre. Mukayankha mumpatse yemweyo. Mu envulopumu mulinso ma randi 800 a mankhwala anu a BP ndi magetsi.

Ndaona zithunzi za mpanda umene Mwabi wakumangirani. Ndi wabwino. Geti nalonso ndi labwino, ngakhale sindikudziwa amene anasankha penti wobiriwira uja. Pa gulu la banja la pa foni azakhali analemba kuti “mwana ndi ameneyu.” Ndinawerenga. Sindikudandaula ayi. Mng’ono wanga ndi wa mu ofesi, ali ndi digiri ndi galimoto, ine ndimadula matabwa mu fakitale kuyambira m’mawa mpaka madzulo. Kungoti malata a kukhitchini amene ndinatumiza chaka chatha palibe anawajambula.

Tsopano nkhani imene ndalembera.

Mukukumbukira ndili Sitandade 5, tsiku limene tinapita ku msika wa Ndirande kukagula chitseko? Tinadutsa pa kalipentala wina amene anali ndi makina ozunguza mtengo, iye n’kumausema ndi tchizulo mpaka mwendo wa tebulo kutuluka. Munaima pamenepo pafupifupi ola lathunthu, za chitseko n’kuiwala. Pobwerera mu minibasi munandiuza kuti makina amenewo munawaphunzira zaka ziwiri ku sukulu ya mishoni kwathu kumpoto, ndipo mukanakhala mmisiri agogo akanapanda kukukakamizani ukalaliki wa m’boma. Munati ndisauze munthu. Sindinauze munthu, ngakhale Amama mpaka tsiku limene anatisiya. Mwabi nthawi imeneyo anali kunyumba akuyamwa chala.

Makina otero ndawaona pa malonda a pa foni. Akugulitsa ndi mzungu wina wokalamba wa ku Benoni. Iye ankangosemera kusangalala, osati bizinesi, ndipo ndi zimene ndikufunira inu. Chipumireni pa ntchito mumangokhala pakhonde ndi wailesi. Ndikawaona mwezi wamawa ndikalandira.

Mwabi musamuuze. Iyi ndi ya ine ndi inu.

Mwana wanu,
Zondiwe

Germiston, 24 Malichi 2024

Adada,

Moni wochuluka. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti miyendo yasiya kutupa. Mwalemba kuti ndisawononge ndalama pa zidole za nkhalamba. Koma m’munsi mwake mwafunsa kuti makinawo ndi aatali bwanji ndipo lamba wake ndi wamtundu wanji. Ndaseka ndekha m’chipinda muno.

Ndagula, Adada.

Ndinapita Loweruka lapitali. Mzunguyo ananditengera ku galaja kuseri kwa nyumba n’kuvundukula lona. Chitsulo chenicheni, cholemera, chobiriwira ngati magalimoto akale a boma. Pambali pake panalembedwa kuti chinapangidwa ku Mangalande, iye akuti mu 1962. Kutalika kwake ndi ngati bedi la munthu mmodzi. Dzimbiri lilipo pang’ono pa njanji zake koma ndi lapamwamba, ndinapala ndi chikhadabo likuchoka. Ndinagwedeza mutu wa makinawo monga munandilangizira, sukugwedera. Atayatsa, phokoso lake ndi losalala, osati la zitsulo zokhulana. Lamba ndi wachikopa, wang’ambika mbali imodzi, ndigula wina.

Nkhalambayo sinafune kungolandira ndalama. Inamangirira kamtengo ka jakaranda n’kundipatsa tchizulo kuti ndiyese. Ndinayesa. Tchizulo chinakodwa, kamtengo kanathyoka n’kuulukira kudenga. Iyo inaseka mpaka kutsokomola.

“Iwe sudziwa,” inatero. “Ndiye ukugulira chiyani?”

Ndinati ndikugulira bambo anga.

Inayamba kupukuta chitsulocho ndi kansanza. Kenako inandiuza kuti mkazi wake anamwalira chaka chatha, iyo ikupita ku nyumba yosungirako okalamba, ndipo mwana wake ali kutsidya kwa nyanja, atamufunsa za makinawo anayankha kuti agulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha. Mtengo unali ma randi 5,000, inandichotsera 800 ine osapempha. Inalowanso m’nyumba n’kutulutsa bokosi la matchizulo asanu ndi atatu, zigwiriro zake inasema yokha. Inati amenewo ndi a bambo ako, usalipire.

Makina ali kwa mnzanga wina amene ali ndi malo, mpaka Thom apeze mpata mu thiraki.

Mwalemba kuti Mwabi anakutengerani ku Limbe kukagula suti ya pa Pasaka. Zikomo kwa iye. Suti imavalidwa tsiku limodzi.

Mwana wanu,
Zondiwe

Germiston, 5 Meyi 2024

Adada,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno kuzizira kwayamba msanga, koma thupi lili bwino.

Thom anyamuka Lachitatu ndipo makina ali m’thiraki. Tinanyamula anthu asanu. Ndawamasula zidutswa zitatu, chilichonse ndachikulunga m’bulangete n’kulemba nambala. Bulangete lofiiralo ndi langa, mukamasula mulisunge, ndidzalipeza. Mabawuti onse ali m’chitini cha khofi, ndachimata ndi tepi pa bokosi la matchizulo.

Mverani bwino izi. Makina asaikidwe pakhonde, kumeneko mvula imawaza ndipo aliyense wodutsa aziwagwiragwira. Akalowe m’khola la nkhuku lakale lija kuseri. Muitane a Blackson omanga aja adzathire simenti pansi, ndawaikira ndalama yawo mu envulopu ina. Waya wa magetsi akoke munthu wodziwa, osati ongoyerekeza. Njanji muzipukute ndi palafini kenako mupake mafuta a makina osokera a Amama, botolo lija linali mu kabati. Poyamba muyese mtengo wofewa, nthambi za mango zija munadulitsa zikhala zitauma. Mbawa ndi mlombwa mudzayambe manja atakumbukira. Ndaikamo magalasi otchingira maso, muzivala, musachite zoti ndinu akale.

Mudzaona kuti bulangete ndatumiza m’nyengo yozizira, musadandaule. Ndasamuka, tikugona atatu m’chipinda chimodzi ndiye simuzizira kwenikweni. Malo akale aja anakwera mtengo, komanso kunayamba kubwera anthu ena oyenda khomo ndi khomo kufunsa mapepala. Si nkhani yaikulu.

Tsiku limene mudzayatse koyamba, mupemphe munthu akujambuleni muli pa makinapo. Ndikufuna ndione nkhope yanu. Wojambulayo akhale wina aliyense, a neba kapena a Blackson.

Mwana wanu,
Zondiwe

Germiston, 16 Juni 2024

Adada,

Moni. Ndili bwino, ndipo ndamva kuti inunso muli bwino. Ndamvanso kuti katundu anafika. Sindinamve kwa inu poyamba, ndinaona pa foni ngati wina aliyense.

Thom wandifotokozera za pa chipata cha Mwanza, kuti msonkho unakwera kuposa umene ndinamupatsa, ine foni yanga inali yozima ku ntchito, ndiye anaimbira inu. Pamenepo ndikumvetsa. Chimene sindikumvetsa n’choti pa anthu onse a mu Blantyre munaimbira Mwabi. Mukanadikira tsiku limodzi lokha ndikanapeza njira.

Kanema wa tsiku lotsitsa makina uja ndamuonera kasanu ndi kawiri. Mwabi waima pa geti lake lobiriwira lija atavala tayi, akuloza anthu kuti tsitsani apa, samalani apo. Mlamu wanga Joan akululutira. Anthu a mu mzere wathu wonse atuluka. Ndikumva mawu a mayi wina akuti, “A Msiska ali ndi mwana, taonani wawagulira fakitale.” Ndipo palibe amene akuwakonza mayiwo. Inu mukuoneka kumbuyo mukusisita chitsulo, simunamve mwina. Koma Mwabi makutu ake ndi abwinobwino.

Pa gulu la banja anthu makumi awiri analemba kuti Mwabi Mulungu akudalitse. Azakhali anaika timitima. Iye anayankha patapita masiku awiri kuti “anagula ndi achimwene a Zondiwe,” anthu atasiya kale nkhaniyo, akukambirana za chinkhoswe cha mwana wa amalume. Amene anawerenga ndine ndekha.

Adada, miyezi itatu ndinkayenda wapansi kupita ku ntchito. Sindikunena kuti mundithokoze. M’kalata mwanu mwandithokoza, ndipo mzere uja mwalemba kuti munalowa m’kholamo n’kutseka chitseko kuti anthu asakuoneni maso, ndauwerenga kambiri. Koma pansi pake mwalemba kuti “ana anga mwandichitira chinthu chachikulu.” Ana anga. Iye analipira pa chipata basi. Nkhalamba ya ku Benoni sakuidziwa. Za kalipentala wa ku Ndirande sakuzidziwa, pokhapokha ngati mwamuuza. Kodi mwamuuza?

Ndalama imene anapereka ku Mwanza ndimubwezera mwezi wamawa, ndipo alandire, asachite zaulemu.

Chithunzi chija ndikudikirabe.

Mwana wanu,
Zondiwe

Germiston, 11 Ogasiti 2024

Adada,

Ndikupatsani moni. Pepani ndakhala chete, zinthu zinachuluka. Ndili kunyumba masabata angapo, ku ntchito anati ndipume kaye. Mwezi uno envulopu ilibe kanthu, koma ndikonza.

Makalata anu awiri ndalandira. Ndikuti anu chifukwa pansi pali dzina lanu, koma zilembo ndi za Mwabi. Zilembo zake ndimazidziwa, ndine ndinamuphunzitsa kugwira pensulo. Akuti maso akukuvutani ndipo magalasi atsopano sanafike. Miyezi iwiri magalasi osafika, mwana wanu ali ndi galimoto? Ndiye kuti makalata anganso amakuwerengerani ndi iyeyo. Chabwino. Mwabi, ngati ukuwerenga, moni. Uwerenge zonse, usadumphe.

Ndamva kuti mota inapsa sabata yoyamba ndipo Mwabi wagula yatsopano. Mota ija inagwira ntchito zaka makumi asanu ndi limodzi kwa mzungu uja osapsa. Ndinanena kuti waya akoke munthu wodziwa. Tsopano m’kalatamo akuti “mota yathu.”

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, chithunzi chanu muli pa makina. Zimene zikubwera pa foni ndi mbale, zoikapo makandulo, chigwiriro cha mpeni, mwendo wa mpando. Mbale yoyamba yeniyeni ndaiona pa tebulo la Joan muli malalanje. Chithunzi china ndi Mwabi, wavala ovolosi yatsopano, utuchi uli m’tsitsi, wavala magalasi amene ndinagulira inu. Munthu amene sanakhomepo msomali chibadwire. Ali mwana ankalira ndikamupatsa khasu. Lero akuti amaweruka ku ofesi n’kuthamangira ku Chilomoni tsiku lililonse, mpaka watenga tchuthi. Tchuthi cha makina anga?

Ndamvanso kuti zoikapo makandulo munapereka ku tchalitchi, ndipo abusa anathokoza “a Msiska ndi mwana wawo.” Anthu atatembenuka anayang’ana ndani? Inu akuti simunapite tsiku limenelo, munatuma iye. Inu amene simunajombepo ku tchalitchi ngakhale mvula igwe bwanji.

Adada, ndinena zimene sindinanenepo. Pabalaza panu pali chithunzi cha Mwabi atavala mkanjo wa ku yunivesite, china cha ukwati wake, china ali ndi galimoto. Changa chilipo chimodzi, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo theka labisika kuseri kwa kalendala. Folomu 4 ndinalephera kawiri, ndikudziwa, sindikutsutsa. Sukulu, ofesi, ulemu, zonsezo ndinamusiyira. Chimene ndinali nacho ine ndi ola limodzi lija la ku Ndirande. Ndinkaganiza kuti m’khola la nkhuku lija mukhala malo amodzi pakhomopo amene mukalowamo muzikumbukira ine. Nalonso walowamo.

Mundiyankhe ndi dzanja lanu, ngakhale mizere iwiri.

Zondiwe

Germiston, 8 Sepitembala 2024

Adada,

Moni. Ndili moyo.

Phukusi lanu lafika. Kambale ka shuga kokhala ndi chivundikiro, ka mtengo wa mango. Ndisanawerenge kalata ndinakagwira nthawi yaitali, ndinakanunkhiza, ndinaonetsa anzanga a m’chipinda muno kuti taonani ntchito ya bambo anga. Kenako ndinawerenga kuti “aka wakusemera mng’ono wako ndi manja ake, ine ndikumuyang’anira.” Zilembo zomwe zija.

Ndakabweza. Thom akupatsani. Shuga ndilibe woikamo, ndipo za manja a Mwabi ndili nazo kale zokwanira.

Makinawo ndinagulira inu. Ngati mwamupatsa iye, mungonena, awanyamule apite nawo kwake ku Namiwawa akaike pabalaza alendo azimuyamikira. Mwina zinthu zikanakuphwekerani mukanakhala ndi mwana mmodzi.

Sindilembanso kalata yoti akawerenge munthu wina.

Zondiwe

Germiston, 10 Novembala 2024

Adada,

Sindikudziwa poyambira. Moni, Adada. Mwadzuka bwanji lero? Ndikufunsa zenizeni, osati za mwambo wa kalata.

Thom ndakumana naye dzulo. Miyezi iwiri sitinaonane, thiraki yake inakhala nthawi yaitali osayenda chifukwa cha zipolowe za ku Mozambique. Ndinamupeza pamalo pamene amapakirira katundu. Sanandipatse dzanja. Anangondiyang’ana n’kunena kuti, “Iwe Zondi, bambo ako unawaona liti?”

Ndinati zaka zinayi zapitazo, pa maliro a Amama.

“Ndiye khala pansi,” anatero. “Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze, koma zimene unandituma zija zandikwana.”

Wandiuza zonse. Kuti pa 25 Juni munagwa m’kholamo mukusema mbale yanu yachiwiri. Kuti ndi sitiroko. Kuti munagona m’chipatala masabata awiri, ndipo dzanja lamanja silikugwira, mwendo mumachita kukoka. Kuti munaletsa aliyense, ndi azakhali omwe, chifukwa mumati ndikamva ndisiya ntchito n’kubwera, komanso ndidzaganiza kuti makina anga ndi amene anakugwetsani.

Wandiuzanso za tsiku limene anabweretsa kambale kaja. Akuti anakupezani m’kholamo mutakhala pa mpando, bulangete langa lofiira lili pa miyendo. Mwabi ali pa makina, thukuta lili kamukamu, inu muli ndi ndodo kudzanja lamanzere. Mukagogoda pansi kamodzi iye amaima, mukagogoda kawiri amapitiriza. Thom atakupatsani phukusi munalimasula ndi mano ndi dzanja limodzi. Munapezamo kambale kaja. Munakaika pamiyendo n’kuuza Mwabi kuti awerenge kalata. Akuti Mwabi anawerenga mpaka pakati n’kunena kuti yathera pomwepo, inu munati, “Pepalalo ndikuliona, pitiriza.” Ndiye anawerenga ndi mzere uja wa mwana mmodzi.

Adada, pepani. Ndilibe mawu ena. Mzere umenewo ndikanatha kuutsatira n’kuufufuta ndikanayenda wapansi mpaka ku Chilomoni.

Poti zobisa zatha, nanenso ndinene zanga. Pa 9 Julaye sowo ya ku fakitale inandidula zala ziwiri za kudzanja lamanzere, chaching’ono ndi chinzake. Ndinali nditagwira mashifiti awiri motsatizana, maso analemera. Ananditengera kuchipatala, anandipatsa kangachepe, ndipo nditachira anati malo anga alowapo wina. Mapepala anga anatha chaka chatha, ndiye kokadandaula kulibe. Panopa ndimalondera magalimoto panja pa sitolo ina, tsiku labwino ndimadya kawiri. Chilonda chinapola. Pamene inu munkatuluka m’chipatala kumeneko, ine ndinkalowa kuno, aliyense akubisira mnzake.

Koma sindikunamizani kuti mtima wanga wayera. Usiku wonse ndimaganiza, ndipo nsanje ija sinachoke, yangosintha malo. Mwabi ndi amene anakupezani pansi. Ndi amene anakunyamulani kukakuikani m’galimoto. Thom akuti amakumetani ndevu, amakusambitsani, amakumangani mabatani a malaya. Anthu onse a mu mzere wathu ankadziwa, ogulitsa tomato pa msika wa Chilomoni ankadziwa, woyendetsa thiraki ankadziwa. Mwana wanu woyamba ndi amene munamuona kuti sangapirire. Iyeyo munamukhulupirira ndi matenda anu, ine munandikhulupirira ndi ma envulopu. Zimenezi zikundiwawa kuposa kanema uja.

Ndipo mukumuphunzitsa. Zimene munaphunzira ku mishoni, zimene munazisunga zaka makumi asanu, zikulowa m’manja mwa Mwabi tsiku ndi tsiku. Ndikudziwa kuti akuchitira inu, kuti makina asangokhala, kuti muzimva fungo la mtengo. Ndikudziwa kuti ndiyenera kumuthokoza. Ndimuthokoza. Lero sindingathe.

Mwabi, ndikudziwa kuti ukuwerenga ndiwe. Kambale kaja usakataye.

Mwana wanu,
Zondiwe

Germiston, 8 Disembala 2024

Adada,

Moni wa m’mawa uno. Ine ndadzuka bwino, ndipo Thom akuti anakusiyani mukuyenda mpaka pa geti ndi ndodo. Pitirizani, koma pa masitepe a kukhitchini paja pakhale munthu.

Kapepala kanu ndalandira. Mizere inayi, yokhotakhota ngati ya mwana wa Sitandade 1. Thom akuti munalemba masiku atatu ndi dzanja lamanzere, ndipo munathamangitsa aliyense m’chipindamo. “Zondiwe. Mbale yoyamba ndinasema ndekha. Joan anangobwereka, ndaitenganso. Ndi yako. Bwera.” Ndinawerengera panja pa sitolo paja, galimoto ina inatuluka osandipatsa kanthu chifukwa sindinaione.

Ndikubwera. Tikiti ndagula ya basi ya Lachitatu pa 18, ngati njira ili bwino tifika ku depoti ya Wenela Lachisanu. Kuno ndilibe chondisunga. Musayembekezere zikwama zambiri ngati anthu ena ochokera ku Joni, ndili ndi chimodzi. Ndagula sandipepala ndi kabotolo ka mafuta opaka mbale, basi. Azakhali muwauziretu kuti asadzandifunse za firiji pamaso pa anthu. Za dzanjali muwauzenso inuyo, kuti akadzandiona asadzakuwe.

Lachinayi ndinapita ku nyumba ya okalamba ija kukatsanzika nkhalamba ya ku Benoni. Yaonda. Poyamba sinandizindikire, nditatchula makina inandigwira mkono. Ndinaionetsa zithunzi za mbale ndi zoikapo makandulo. Inayang’anitsitsa, kenako inaloza mbale yoyamba ija n’kunena kuti uyu amadziwa. Inaloza zinazo n’kunena kuti uyu amaopa tchizulo. Sindinaiuze kuti ndi anthu awiri, inaona yokha. Ndikuvomera kuti ndinatuluka mmenemo ndikumwetulira.

Mwabi anandiimbira Lachiwiri. Koyamba sindinayankhe, kachiwiri ndinayankha. Tinapatsana moni. Kenako anati, “Achimwene, makina anuwa ndimawaopa. Tsiku lililonse ndimaganiza kuti andichotsa maso. Ndipo Adada amangonena kuti Zondiwe akanamva msanga, Zondiwe ali ndi manja. Miyezi isanu ndakhala ndikumva zimenezo. Tabwerani mudzatenge zinthu zanu.”

Ndinati, “Amatero?”

Anati, “Mpaka kutopetsa.”

Ndinamuthokoza, Adada. Sizinatuluke bwino, koma zinatuluka. Akuti adzandichingamira ku Wenela. Ndinafuna kunena kuti ndikwera minibasi, koma ndinavomera.

Sindikudziwa ngati munthu wa zala zisanu ndi zitatu angagwire tchizulo. Kwa mzungu uja ndinathyola mtengo zala zili zonse. Mudzandipirire, ndipo ndodo yanuyo mudzagogode pansi, osati pa ine.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka loyambalo, pa 21, Mwabi asabwere. Joan asabwere, azakhali asabwere, wojambula asapezeke. Mundisungire chidutswa cha mbawa, tidzalowe m’kholamo awiri n’kutseka chitseko. Mumuuze ndinu, chifukwa ndikamuuza ine tiyambananso. Iye adzabwere Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, adzaone zimene tapanga.

Mwana wanu woyamba,
Zondiwe